Jakisoni wabaya, mlomo walemera, koma dzino likupwetekabe

Pa mavuto onse a m'chipinda cha mano, ili ndi lomwe silitha. Mwabaya jakisoni wa dzanzi kuti muzule chitsakano cha m'munsi, mwadikira pang'ono, wodwala wavomera kuti mlomo walemera. Mutangoti mugwire dzino ndi chozulira, iye wakugwirani mkono, maso ali tong'o. Panja benchi ladzaza, ena adzuka m'mamawa kwambiri kuti apeze malo, ndiye mtima umafuna kungonena kuti "limbani mtima bambo, ndi mantha chabe" n'kupitiriza.

Musatero. Munthu akati zikuwawa, kawirikawiri amakhala akunena zoona, ndipo pamakhala mtsempha umene mankhwala sanaufikire. Ntchito yathu ndi kupeza kuti ndi uti. Kubwereza jakisoni yemweyo pamalo omwewo katatu kumangowonjezera mankhwala m'thupi mwake popanda kuyankha funsolo. Ndipo palibe chochititsa manyazi apa: mabuku ambiri ophunzitsira amati jakisoni wa inferior alveolar, mtsempha wa mano a m'munsi, amalephera pa anthu 15 mpaka 20 mwa 100 alionse, ngakhale m'manja mwa ozolowera ntchito, ndipo dzino likakhala lotupa m'kati chiwerengerochi chimakwera kwambiri.

Tikumbutsane kaye njira ya mitsempha

Kumva konse kwa nkhope ndi m'kamwa kumadutsa mu mtsempha wa trigeminal, wachisanu pa mitsempha 12 yotuluka mu ubongo mbali iliyonse. Uli ndi nthambi zitatu. Ya ophthalmic imasamala mphumi ndi chikope cha m'mwamba. Ya maxillary imatulukira pa kabowo ka m'chigaza kotchedwa foramen rotundum n'kupita ku mano a m'mwamba, tsaya, mlomo wa m'mwamba ndi denga la m'kamwa. Ya mandibular imatsikira pa kabowo kena, foramen ovale, ndipo ndi yokhayo imene imagwira ntchito ziwiri: kumva kwa mano a m'munsi, mlomo wa m'munsi, chibwano ndi mbali ya kutsogolo ya lilime, komanso kuyendetsa minofu yotafunira. Kumwetulira ndi kutsinzina si ntchito ya trigeminal, ndi ya mtsempha wa facial, wachisanu ndi chiwiri, umene tikumana nawo kutsogoloku.

Kuti chitsakano cha m'munsi chizulidwe mwamtendere, mitsempha itatu iyenera kugona. Inferior alveolar imalowa m'fupa pa kabowo ka mandibular foramen, mbali ya m'kati ya nsagwada, n'kuyenda pansi pa mizu ya mano mpaka nthambi yake ya mental itatulukira pafupi ndi ma premolar, mano awiri oyandikana ndi zitsakano cha kutsogolo, kupita ku mlomo ndi chibwano. Lingual imayenda kutsogolo kwake pang'ono ndipo ndi ya lilime ndi nkhama za mbali ya lilime. Long buccal ndi ya nkhama za mbali ya tsaya pafupi ndi zitsakano, ndipo imapatuka kumtunda kwambiri moti jakisoni wa inferior alveolar saikhudza n'komwe.

Njira yogonetsa mtsempha usanalowe m'fupayi ndi yakale. William Halsted ndi Richard Hall anaiyesa ku New York mu 1884 pogwiritsa ntchito cocaine. Lidocaine amene timagwiritsa ntchito lero anapangidwa ku Sweden mu 1943 ndi Nils Löfgren. Mankhwala asintha, koma kabowo kaja sitikaona ndi maso mpaka pano, timangokayerekeza. Vuto lonse lagona pamenepo.

Funsani bwino musanagwire sirinji ina

Funso loti "mwachita dzanzi?" silithandiza. Anthu ambiri, makamaka achikulire, amayankha kuti "eya adokotala" chifukwa cha ulemu. Funsani mosiyanitsa: "Mayi, mlomo wa mbali iyi ndi wa mbali iyi mukuimva chimodzimodzi? Nanga lilime?" Kenako tengani probe, kachitsulo kosongoka koyezera mano, mubaye pang'ono malo atatu: nkhama za mbali ya tsaya pafupi ndi dzinolo, nkhama za mbali ya lilime, ndi nkhama za kutsogolo pakati pa canine, dzino losongoka lija, ndi premolar. Yang'anani maso ake pamene mukubaya, chifukwa chikope chimayankha pakamwa pasanayankhe.

Muwauzenso zoti kukankha adzakumvabe. Mankhwalawa amatseka ululu msanga kuposa kumva kukankha ndi kugwedera, ndiye munthu amene sanauzidwe akamva nsagwada ikukankhidwa amaganiza kuti ululu ukubwera ndipo amakuwa usanafike. "Bambo, mumva ndikukankha mwamphamvu, mwinanso mumva kulira kwa fupa. Zimenezo musadandaule. Koma mukamva kubaya kapena kulasa, kwezani dzanja lamanzere ndisiye." Mawu amenewa satenga mphindi imodzi.

Ngati mlomo sunachite dzanzi

Apa nkhani ndi yachidule: mankhwala sanafike pa inferior alveolar. Koma onani kaye wotchi. Mlomo umayamba kunyerenyesa pakatha mphindi zitatu kapena zisanu, pamene m'kati mwa dzino mungatenge mphindi 10 mpaka 15. Tsiku la anthu ambiri, nzeru ndi kubaya munthu, kumukhazika pambali, n'kuona wina. Majakisoni ambiri amene timati alephera anangosowa nthawi.

Mphindi zikakwana mlomo uli bwinobwino, lilime ndi limene likuuzeni. Lilime lokha likachita dzanzi, ndiye kuti singano inaima pafupi kapena kutsogolo, pamene pali lingual. Zonse ziwiri zikamamvabe, mwina munabaya pansi kwambiri, kapena mankhwala analowa mu mtsempha wa magazi n'kupita.

Kubaya pansi ndiye kolakwika kofala. Mtsempha ukalowa m'fupa, mankhwala othiridwa m'munsi mwa kabowo sangaupezenso. Ikani chala chachikulu pamene fupa lapindikira m'kati kutsogolo kwa nsagwada, pa coronoid notch, ndipo zala zina zigwire kumbuyo kwa nsagwada kunja, kuti mumve m'lifupi mwa fupalo. Wodwala ayasamule kotheratu kuti mzere wa pterygomandibular raphe, wotsika kumbuyo kwa kamwa kuchokera kuseri kwa zitsakano za m'mwamba kufika kuseri kwa za m'munsi, uonekere. Singano ilowe pakati pa chala chanu ndi mzerewo, pafupi ndi mzere, mamilimita 6 mpaka 10 pamwamba pa zitsakano za m'munsi, sirinji itatsamira pa ma premolar a mbali inayo. Pa munthu wamkulu muyenera kugunda fupa singano italowa mamilimita 20 mpaka 25.

Kuya kumeneku ndiye chida chanu chachikulu. Mukagunda fupa singano itangolowa pang'ono, muli kutsogolo kwambiri: ibwezeni pang'ono osaitulutsa, sunthani sirinji kupita ku mano a kutsogolo, lowetsani kudutsa fupalo, kenako bwezerani sirinji pa ma premolar mpaka mugundenso fupa pakuya koyenera. Singano ikamangolowa osagunda kanthu, mwapitirira kumbuyo: ibwezeni ndithu, sunthani sirinji kupita ku zitsakano za mbali inayo, muyesenso. Musathire mankhwala musanamve fupa, musalowetse singano mpaka kumapeto kwake, ndipo musaipinde, chifukwa singano imathyokera pamene yalumikizana ndi kapulasitiki kake. Gwiritsani ntchito singano yaitali. Yaifupi imakunyengani kuti muilowetse yonse.

Kokani kaye sirinji muone ngati mukubwera magazi. Malo amenewa ali ndi mitsempha ya magazi yoyenda limodzi ndi inferior alveolar, ndipo pa majakisoni onse a m'kamwa uyu ndi amene amakoka magazi kawirikawiri. Wodwala akati mtima ukugunda msanga mutangobaya, dzanzi osabwera, adrenaline wosakanizidwa mu lidocaine wapita m'magazi. Thirani pang'onopang'ono, pafupifupi mphindi yathunthu pa katiriji imodzi, kabotolo ka mankhwala kolowetsa mu sirinji.

Msinkhu umasinthanso zinthu. Mwa ana aang'ono kabowo kamakhala pansi, molingana ndi mano kapena kutsikirapo, ndiye singano itsike ndipo isalowe kwambiri. Agogo amene zitsakano zinatha kale, fupa la nkhama limakhala litaphwa, moti mukaliyesa poyezera mubaya pansi. Kwa iwo dalirani chala chanu pa coronoid notch.

Ngati mlomo uli ndi dzanzi koma nkhama zikuwawa

Ili ndi losavuta ndipo ndi limene limaiwalika madzulo munthu akatopa. Ululu ukabwera mutangoyamba kulekanitsa nkhama za mbali ya tsaya, ndi long buccal. Thirani pang'ono, cha m'ma 0.3 ml, m'tsaya kumbuyo ndi kunja kwa chitsakano chomaliza, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri zatheka. Pa ma premolar simufunika kutero, poti nkhama za kumeneko ndi za mental.

Mano a kutsogolo a m'munsi ali ndi khalidwe lawo. Timitsempha ta mbali ina timadumpha pakati n'kufika ku mano a kutsogolo a mbali inayo, choncho onjezani mankhwala pang'ono pafupi ndi dzino lenilenilo, kunja ndi m'kati.

Ngati zonse zili ndi dzanzi koma dzino lokha likukana

Apa ndiye pamene pali nkhani. Mlomo walemera, lilime lalemera, probe sakuimva paliponse, koma elevator, chida chotukulira dzino, ikangolowa munthu akudumpha. Dzanzi la mlomo limatiuza kuti mankhwala afika pa mtsempha. Silitilonjeza kuti m'kati mwa dzino mwagona.

Chifukwa choyamba ndi dzino lotentha, lija munthu amati "sindinagone masiku atatu, ndimangovumata madzi ozizira." Timitsempha ta m'dzino lotupa timakhala tatcheru mopitirira, kukhudza pang'ono kokha timatumiza ululu, ndipo timachulukitsa mtundu wa tinjira ta sodium tomwe lidocaine satseka bwino. Pamene pali mafinya pamabweranso vuto lina. Minofu ya pamenepo imakhala ya asidi, ndipo lidocaine mu asidi amalephera kudutsa khungu la mtsempha. Magazinso amayenda kwambiri pamalo otupa n'kuchotsa mankhwala msanga. N'chifukwa chake kubaya m'chotupa momwemo n'kutaya mankhwala, kuwonjezera pa kumwaza matenda. Bayani kutali, kumtunda kwa mtsempha.

Chifukwa chachiwiri ndi mtsempha wa mylohyoid. Jakisoni wathu ali ngati kutseka ngalande ya m'dimba: ngati kangalande kena kanapatuka kumtunda kwa pamene mwatsekapo, madzi afikabe pa bedi. Mylohyoid imapatuka pa inferior alveolar isanalowe m'fupa, ndipo mwa anthu ena imatumiza timitsempha ta ululu ku chitsakano choyamba, makamaka ku muzu wa kutsogolo. Mukaona kuti ululu ukubwera mukamagwira mbali ya kutsogolo ya chitsakano choyamba, thirani pang'ono mbali ya lilime, pansi pa chitsakano chachiwiri, pafupi ndi fupa.

Chochita china chimadalira zimene muli nazo m'kabati. Ngati pali articaine wa 4%, mankhwala ena a dzanzi, kuthira katiriji imodzi mbali ya tsaya pafupi ndi chitsakanocho kumathandiza kwambiri, chifukwa amalowerera fupa bwino. Ngati palibe, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma mulibe, jakisoni wa pakati pa dzino ndi fupa ndiye bwenzi lanu. Lowetsani singano m'mphepete mwa muzu mpaka itakakamira, muthire cha m'ma 0.2 ml pa muzu uliwonse. Chizindikiro choti zikuyenda ndi kulimba kwa sirinji ndi kuyera kwa nkhama. Ikamayenda mofewa, mankhwala akungotayikira m'kamwa, ndipo wodwala akuuzani kuti akulawa mankhwala owawa pa lilime. Jakisoniyu amagwira nthawi yomweyo koma sakhalitsa, ndiye zida zikhale zili m'manja kale. Ngati m'kati mwa dzino muli potseguka, kuthira momwemo mwamphamvu kumagwiranso, koma muchenjezeni munthu kuti amva kulasa kwa kamphindi.

Palinso njira ziwiri zokwera kumtunda zomwe n'zoyenera kuziphunzira kwa munthu amene anazizolowera, osati kungowerenga. George Gow-Gates wa ku Australia anafalitsa yake mu 1973. Singano imalunjika pakhosi pa condyle, kamutu ka nsagwada kamene kali kutsogolo kwa khutu, munthu atayasamula kotheratu, ndipo mankhwala amagwira nthambi zambiri za mandibular zisanabalalike, kuphatikizapo mylohyoid. Imachedwa kugwira, ndipo wodwala akhalebe woyasamula mphindi imodzi kapena ziwiri mutatha kubaya. Inayo inatchuka ndi Akinosi wa ku Nigeria mu 1977, ngakhale Vazirani anali atafotokozapo yofanana nayo mu 1960. Iyi imabayidwa pakamwa pali potseka, singano ikuyenda molingana ndi malire a nkhama za zitsakano za m'mwamba, kulowa mamilimita pafupifupi 25 popanda kugunda fupa. Ndi yothandiza kwa munthu amene nsagwada zauma.

Koma pa nsagwada zouma tisamale. Ngati pansi pa chibwano patupa mbali zonse, lilime lakwera, munthu akulephera kumeza malovu kapena mawu asintha, imeneyo si nkhani ya jakisoni. Ndi matenda amene angatseke mpweya, ndipo ayenera kugonekedwa ndi kuonedwa ndi a opaleshoni tsiku lomwelo.

Chizolowezi chimodzi chomwe sindigwirizana nacho ndi chopatsa amoxicillin aliyense amene jakisoni wamukana n'kumuuza kuti abwere sabata yamawa. Dzino lotupa m'kati lopanda chotupa kunja silimva mankhwala opha tizilombo. Munthuyo akavutika masiku ena asanu ndi awiri, awononge ndalama ya minibasi kawiri, ndipo mwina sabweranso mpaka tsaya litatupa. Chothandizako ndi ibuprofen pafupifupi ola limodzi musanabaye, kwa amene alibe zilonda za m'mimba, mphumu yoyamba ndi mankhwalawa, vuto la impso kapena pakati. Nkhani ina yomveka kawirikawiri ndi yoti omwa kachasu jakisoni sawagwira. Ineyo ndimaiika kumapeto kwenikweni, zina zonse zitafufuzidwa, chifukwa ndi chifukwa chokoma kwa wobaya: chimachotsa mlandu pa singano n'kuuika pa wodwala.

Yang'ananinso botolo

Onani deti. Onani ngati ndi 1% kapena 2%, makamaka mukatunga m'botolo lobwereka ku wodi. Adrenaline amawonongeka ndi kutentha ndi dzuwa, ndiye makatiriji ogona padzenera mwezi wa October kapena osintha mtundu atayidwe. Lidocaine wopanda adrenaline amagwira, koma m'dzino sakhalitsa, moti mukamusiya munthu nthawi yaitali mupeza dzanzi la m'dzino latha pamene mlomo ukadali wolemera.

Ndipo muziwerenga zimene mwathira. Lidocaine wa 2% ali ndi 20 mg mu mililita imodzi, kutanthauza 36 mg mu katiriji ya 1.8 ml. Malire osamala amene ambiri amatsata pa mano, makamaka kwa ana, ndi 4.4 mg pa kilogalamu. Mwana wa makilogalamu 15 malire ake ndi 66 mg, osakwana makatiriji awiri. Chizungulire, kulira kwa m'makutu, kulankhula mosokonekera kapena kunjenjemera kwa minofu ya kumaso ndi zizindikiro zoti musiye pomwepo.

Mano a m'mwamba

Awa savuta kwenikweni chifukwa fupa lake ndi lopyapyala, mankhwala amadutsa. Lovutirapo ndi chitsakano choyamba, pamene fupa la tsaya limakhuthala pamwamba pa mizu, komanso muzu wake wa kutsogolo nthawi zina umamva kudzera ku mtsempha wina. Thirani kutsogolo ndi kumbuyo kwa dzinolo. Pozula musaiwale denga la m'kamwa: mtsempha wa greater palatine kumbuyo, wa nasopalatine kutsogolo. Mukapita kuseri kwa chitsakano chomaliza musalowe kwambiri, chifukwa kuli timitsempha ta magazi tambiri ndipo tsaya limatupa mukuona.

Jakisoni akagwira posayenera

Tsiku lina mudzaona munthu nkhope yapendekeka mutangobaya, diso la mbali imeneyo likukana kutsinzina, achibale panja ayamba kale kunena za sitiroko. Singano inapitirira kumbuyo kwa nsagwada n'kuthira mankhwala mu parotid, kachiwalo kopanga malovu kamene kali kutsogolo kwa khutu, mmene mtsempha wa facial umadutsa. Onani kuti manja, miyendo ndi kulankhula zili bwino. Pano mphumi ya mbali imeneyo nayonso imalephera kukwinyika, pamene pa sitiroko kawirikawiri mphumi imakwinyikabe. Mutsekeni chikope ndi pulasitala kuti diso lisaume, mumufotokozere iye ndi abale ake kuti zitha mankhwala akatha mphamvu, pakatha maola ochepa.

Munthu akamva ngati magetsi pa lilime kapena pa mlomo pamene singano ikulowa, mwakhudza mtsempha. Bwezani singano pang'ono musanathire, ndipo lembani m'kabuku kake. Dzanzi likapitirira tsiku lotsatira, kawirikawiri ndi lingual. Ambiri amachira pakatha masabata angapo, koma jambulani malire a dzanzilo m'kabuku, muzimuona, ndipo ngati sizikusintha mutumizeni kwa madokotala a opaleshoni ya m'kamwa. Kwa ana vuto ndi kutafuna mlomo. Uzani mayi ake momveka kuti asampatse chakudya mpaka dzanzi litatha, apo ayi abwera mawa ndi chilonda chachikulu akuganiza kuti munamuwotcha ndi mankhwala.

Pamene dzino lilibe mlandu

Nthawi zina jakisoni amaoneka ngati walephera chifukwa ululu sukuchokera kumene tabaya. Nthambi za trigeminal zimakumana mu ubongo, ndiye munthu akhoza kuloza dzino la m'munsi pamene lowola lili m'mwamba mbali yomweyo, kapena kudandaula khutu pamene vuto ndi chitsakano cha m'munsi. Ngati mbali yonse yagona bwino koma ululu umene anabwera nawo ukadalipo, musazule. Fufuzani nsagwada inayo. Mano angapo a m'mwamba akamawawa limodzi, makamaka munthu akawerama ndipo ali ndi chimfine, ganizirani za sinus, mphako ya m'fupa la tsaya.

Ululu wolasa ngati mphezi, wa masekondi ochepa, wobwera munthu akamasamba kumaso, kutafuna kapena kuombedwa ndi mphepo, ndi trigeminal neuralgia. Odwala ake ambiri amafika atazulitsa kale mano abwinobwino mbali imodzi. Chithandizo chake choyamba ndi carbamazepine, osati chozulira. Mashingozi nawonso amatha kuyamba ngati dzino, matuza asanatuluke, ndipo akatuluka amatsata nthambi imodzi n'kuima pakati penipeni pa nkhope. Akafika pamphumi kapena pansonga ya mphuno, diso lili pangozi ndipo aonedwe ndi a maso mwamsanga. Kwa munthu wachinyamata ndi mpata wabwinonso wokambirana zoyezetsa magazi.

Pomaliza pali dzanzi lobwera lokha. Munthu amene sanabayidwe jakisoni koma mlomo wa m'munsi ndi chibwano zili ndi dzanzi, china chake chikukanikiza inferior alveolar m'fupa. Ngati anagwa pa njinga yamoto kapena anamenyedwa, ganizirani nsagwada yothyoka ndipo onani ngati mano akukumana monga kale. Ngati sanavulale, ganizirani matenda a m'fupa kapena chotupa. Mwana amene nsagwada ikutupa msanga, mano akugwedera popanda kuwola, akhoza kukhala ndi khansa ya Burkitt, yomwe kwathu kuno si yachilendo ndipo imakula m'masiku ochepa. Mwana wotero musamuzule dzino. Lembani kalata apite ku chipatala chachikulu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena chomwe chili pafupi nanu, sabata yomweyo.